Kuyeza nyumba yakale ya matabwa ku Japan musanayambe kuikonza

Kalembera wa nyumba ndi malo amene boma la Japan linachita mu 2023 anapeza kuti m'dzikomo muli nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda wokhalamo, zomwe ndi 13.8 peresenti ya nyumba zonse. Eni dziko amazitcha akiya. Zambiri mwa nyumba zoterezi, makamaka za kumidzi ndi m'matauni aang'ono, ndi za matabwa, ndipo makhonsolo amaziika pa intaneti pa mitengo yotsika moti mlendo amayamba wakayikira ngati waiwerenga bwino nambalayo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa nyumba ya matabwa mwambiwu si wophiphiritsa ayi, chifukwa chiswe ndi kuola zimayambira kumene diso la wogula silifika. Malangizo awa ndi a munthu amene wagula, walandira kapena akufuna kugula nyumba yotere, ndipo akulongosola zikalata, mapu, zida zoyezera ndi mapulogalamu a pa kompyuta zimene zingamuthandize, motsata ndondomeko imene ayenera kuzigwiritsira ntchito. Ndondomekoyo ndi yofunika, pakuti chida chilichonse chimakuuzani kumene chinzake chiyenera kukaloza.

Yambani ndi tsiku limodzi lokha: tsiku limene boma linavomereza mapulani a nyumbayo. Pa 1 June 1981 lamulo la zomangamanga la ku Japan linasintha, ndipo linachulukitsa makoma olimbana ndi chivomezi amene nyumba ya matabwa iyenera kukhala nawo. Mu June 2000 linasinthanso, pambuyo pa chivomezi cha ku Kobe cha pa 17 January 1995 chimene chinapha anthu oposa 6,400, ambiri mwa iwo chifukwa cha kugweredwa ndi nyumba. Kusintha kwachiwiriku kunalamula zinthu zitatu: kuti maziko agwirizane ndi mphamvu ya nthaka, kuti pokumana nsanamira ndi mitanda pamangidwe ndi zitsulo zodziwika, ndiponso kuti makoma olimba agawidwe mofanana kumbali zonse za nyumba m'malo mounjikana mbali imodzi. Kuti muone kulemera kwa masiku awiriwa, taonani zimene akatswiri anapeza pakati pa tauni ya Mashiki pambuyo pa zivomezi za ku Kumamoto mu April 2016: mwa nyumba za matabwa zomangidwa lamulo la 1981 lisanabwere, 28.2 peresenti zinagwa. Mwa zomangidwa pakati pa 1981 ndi 2000 zinagwa 8.7 peresenti, mwa zomangidwa pambuyo pa 2000 zinagwa 2.2 peresenti zokha.

Apa anthu ambiri amaphonya. Chimene chimawerengedwa ndi tsiku la chilolezo, osati tsiku limene nyumba inatha. Nyumba imene inamalizidwa kumapeto kwa 1981 itha kukhala kuti mapulani ake anavomerezedwa mu April chaka chomwecho, choncho ndi ya lamulo lakale ngakhale wogulitsa atanena kuti ndi ya latsopano. Funsani chikalata chovomereza mapulani chotchedwa kakunin zumisho, chimene m'nyumba zakale chimatchedwanso kakunin tsuchisho, pamodzi ndi kensa zumisho, chosonyeza kuti nyumbayo inayenderedwa itatha. Nthawi zambiri zikalatazi zimakhala kuti zinatayika kalekale, ndipo zikatero pitani ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo kapena ya chigawo mukapemphe chikalata chotsimikizira zimene zinalembedwa m'kaundula wawo, daicho kisai jiko shomeisho. Kenako katengeni kaundula wa umwini ku Homukyoku, ofesi ya boma yolembetsa malo ndi nyumba, ndipo muyerekeze kukula kwa nyumba kumene kwalembedwamo ndi kumene mwapeza mutayeza nokha ndi tepi. Nyumba ikakhala yaikulu kuposa ya pa pepala, ndiye kuti wina anawonjezera chipinda osalembetsa, ndipo polumikizana pa gawo lakale ndi latsopano ndi pamene madzi amalowera, ndiponso pamene nyumba imang'ambikira ikagwedezeka.

Muli ku khonsolo komweko funsani za msewu. M'madera amene ali pansi pa mapulani a mizinda, malo ayenera kugundana ndi msewu wa mamita 4 m'lifupi pa utali wosachepera mamita 2, apo ayi simungaloledwe kumangapo nyumba ina mukagwetsa ilipoyo. Nyumba zambiri zotsika mtengo modabwitsa zili m'gulu limeneli.

Chachiwiri ndi nthaka, ndipo ntchito imeneyi mungaichite usiku umodzi muli pa kompyuta, osalipira kanthu. Unduna wa MLIT, woona za malo ndi zomangamanga, uli ndi tsamba la mapu a ngozi pamene mumalemba adiresi n'kuona ngati malowo amasefukira madzi, ngati ali m'njira ya zigumukire, kapena ngati mafunde a tsunami angafikepo. Tsamba la J-SHIS, la bungwe lofufuza za masoka la NIED, limasonyeza mwayi wa chivomezi champhamvu m'deralo ndiponso mmene nthaka ya pamwamba imakulitsira kugwedezeka. Koma chida chimene ine ndimachiona chaphindu koposa ndi mapu a Geospatial Information Authority of Japan, bungwe la boma lojambula mapu, chifukwa ali ndi zithunzi zakale zojambulidwa kuchokera m'ndege, zina za m'ma 1940 ndi 1960. Mukaika chithunzi chakale pambali pa chatsopano mumaona ndi maso anu kuti pamene pali nyumba lero panali munda wa mpunga, dziwe, kapena khwawa limene linakwiriridwa. Nthaka yokwirira imatitimira mosafanana, ndipo zimenezi zidzakuthandizani kumvetsa ming'alu imene mukaipeze pa maziko. Kuyambira mu August 2020 ogulitsa nyumba amalamulidwa kukuonetsani pamene nyumbayo ili pa mapu a kusefukira kwa madzi, koma iwo amatero pafupi ndi nthawi yosainirana, pamene mtima wanu unagwa kale m'nyumbayo.

Mukadziwa chaka ndi nthaka, tengani pepala la mafunso khumi limene bungwe la Japan Building Disaster Prevention Association linakonzera anthu wamba kuti adziyezere okha nyumba zawo. Limafunsa za chaka chomangira, masoka amene nyumba inakumana nawo, zowonjezera, kuwonongeka, maonekedwe a pulani, ngati makoma a pamwamba akhala pa makoma a pansi, kulemera kwa denga, ndi mtundu wa maziko. Funso lililonse limapatsa mfundo imodzi kapena ziro, ndipo mfundo 7 kapena kucheperapo ndi chenjezo loti muitane katswiri msanga. Musaliyese chigamulo; ntchito yake n'kukuphunzitsani kuyang'ana nyumba monga mmene injiniya amaiyang'anira.

Tsopano pafika ntchito imene palibe pulogalamu ingakugwirireni, yomwe ndi kulowa pansi pa nyumba. Nyumba za matabwa za ku Japan zimakhala ndi mpata pakati pa nthaka ndi matabwa opondapo, ndipo khomo lake kawirikawiri limakhala m'khitchini, pamene pali kabokosi kosungiramo zinthu komira pansi. Mukakatulutsa pamatsala bowo lokwanira munthu. Ngati palibe, nyamulani mphasa imodzi ya tatami n'kuchotsa thabwa la pansi pake. Valani ovolosi, magulovesi ndi chotchinga kukamwa, tengani tochi yowala kwambiri, sikuludiraiva, kamera, ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'thabwa, kamene kali ndi timisomali tiwiri tobaya mtengo. Wina atsale pamwamba, adziwe kumene muli. Musanaunike n'komwe, nunkhizani: fungo la chuku kapena la nthaka yonyowa likuuzani zambiri. Kenako kwawani chafufumimba kulunjika ku bafa. M'nyumba zakale bafa linkamangidwa pamalo pomwepo ndi matailosi, ndipo pakapita zaka madzi amadutsa m'mizere ya pakati pa matailosiwo n'kumanyowetsa dodai, mtanda wogona pamwamba pa maziko umene nsanamira zonse zimaimapo. Bayani mtandawo ndi sikuludiraiva pa masentimita makumi angapo alionse. Mtengo wabwino umakana, ndipo mukaugogoda ndi chigwiriro umalira mouma. Woola umalandira chitsulo ngati chinangwa chophika, ndipo wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma, kunja kuli bwinobwino koma m'kati muli mphako.

Wowerenga wa kwathu safunika kuphunzitsidwa maonekedwe a njira ya chiswe, kamzere ka dothi kokwera pa khoma la maziko. Ku Japan njira yotere amaitcha gido. Thyolani pang'ono pakati pake: mukaona chiswe chikuyendamo, kapena mukabwera patapita masiku n'kupeza pomwe munathyola pamatidwa, ndiye kuti chilipo. Mitundu yofala ndi iwiri. Yamato-shiroari imapezeka pafupifupi m'dziko lonse, imakonda mtengo wonyowa wa pafupi ndi nthaka, ndipo ngumbi zake zimauluka masana mu April ndi May. Ie-shiroari imapezeka m'madera ofunda a m'mphepete mwa nyanja, kummwera ndi kumadzulo, imauluka madzulo mu June ndi July n'kumathamangira nyale, ndipo ndi yoopsa kwambiri chifukwa imatha kutenga madzi n'kukafika nawo ku mitengo ya kudenga. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa oyandikana nawo ngati anaonapo ngumbi zikutuluka m'nyumbamo, mwezi uti, nthawi yanji. Yankho lawo likuuzani ngati muyenera kufufuza pansi pokha kapena nyumba yonse. Mankhwala a chiswe amene amagwiritsidwa ntchito masiku ano amayembekezeka kugwira ntchito zaka zisanu, choncho risiti ya mankhwala ya zaka khumi zapitazo isakutonthozeni.

Pa kachipangizo koyezera chinyezi, nambala yoyenera kuikumbukira ndi 20 peresenti. Mtengo umene chinyezi chake chili pansi pa nambalayi suola; ukafika pa 25 mpaka 30 peresenti n'kukhalitsa choncho, tizilombo toolesa mtengo timayamba ntchito. Yezani malo ambiri, lembani nambala iliyonse pa pulani ya nyumba pamalo pamene mwaiyezera, ndipo muziyang'ana kusiyana kwake koposa nambala imodzi payokha. Ngati nyumba yonse ikuonetsa 16 kapena 17 koma ngodya imodzi ikuonetsa 28, musathamangire kugula mtengo watsopano; pezani kaye kumene madziwo akuchokera, kaya ndi paipi, kaya ndi mng'alu wa khoma la kunja, kaya ndi ngalande ya denga yotsekeka ndi masamba.

Mukatuluka, yang'anani maziko kuchokera kunja. Oyendera nyumba ku Japan amalemba mng'alu ngati vuto ukakhala wa mamilimita 0.5 m'lifupi kapena mamilimita 20 kuya, ndipo kakhadi koyezera ming'alu kamagulitsidwa motchipa m'masitolo a zipangizo zomangira. Maziko ambiri a nyumba za lamulo lakale alibe zitsulo m'kati mwa konkire, koma izi sizioneka ndi maso. Zimafuna makina ofufuzira zitsulo amene katswiri amabwera nawo. Kenako yezani kupendekeka. Levulo ya laser ndiyo yabwino, koma chingwe chomangirira kachitsulo kolemera chimakwanira pa nsanamira. Malire amene oyendera amagwiritsa ntchito ndi mamilimita 6 pa mita iliyonse. Anthu amakonda kugubuduza kampira pansi kuti aone ngati nyumba yapendekeka, koma kampira kamagubuduka ngakhale pa thabwa limodzi lopindika. Chofunika n'kudziwa ngati zipinda zonse zatsamira mbali imodzi, chifukwa zimenezo zimaloza ku nthaka imene munaiona pa chithunzi chakale chija.

Kudenga kulowereni kudzera pa thabwa losunthika limene limakhala pamwamba pa oshiire, kabati yosungiramo zofunda. Unikani madontho akale a madzi pa mitengo, onani ngati pokumana mitanda pali zitsulo kapena misomali yokha, ndipo suzumirani m'mphepete kuti muone mitu ya sujikai, mitengo yopingasa ya m'kati mwa khoma. Kamera yoona kutentha imathandiza kupeza mitengo yopingasayi ndi malo onyowa popanda kuphwanya khoma, koma imagwira bwino pokhapokha kutentha kwa m'nyumba kukasiyana kwambiri ndi kwa kunja, ndipo chimene imaonetsa ndi kusiyana kwa kutentha, osati madzi enieniwo. Malo alionse amene yakulozerani muwatsimikize ndi choyezera chinyezi.

Zonsezi ndi zokonzekera katswiri, ndipo apa muyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kuyendera imene anthu amaisokoneza. Kuyambira mu April 2018 ogulitsa nyumba zakale amalamulidwa kufotokozera ogula za kuyendera kotchedwa kizon jutaku jokyo chosa, kumene amachita ndi katswiri wa zomangamanga wophunzitsidwa mwapadera. Kuyendera kumeneku kumafufuza kuwonongeka kooneka, monga kudontha, ming'alu ndi chiswe, koma sikuwerengera ngati nyumba ingapirire chivomezi. Kumeneko ndi kuyeza kwina, taishin shindan. Pa kuyeza kwachiwiriku katswiri amalowetsa mu kompyuta pulani ya nyumba, mtundu ndi utali wa khoma lililonse, kulemera kwa denga, mtundu wa maziko, zolumikizira ndi kuwonongeka kumene kwapezeka, ndipo pulogalamu imatulutsa nambala pa nsanjika iliyonse ndi mbali iliyonse. Nambala yotsikitsitsa ndiyo ya nyumbayo. Ikakhala 1.5 kapena kuposa, nyumba imawerengedwa kuti sigwa, kuyambira 1.0 mpaka pansi pa 1.5, mwachidziwikire sigwa; kuyambira 0.7 mpaka pansi pa 1.0, itha kugwa. Pansi pa 0.7, mwayi wakugwa ndi waukulu. Zindikirani kuti 1.0 akunena za kusaphedwa ndi nyumba, osati za kupitiriza kukhalamo chivomezi chitatha.

Pali njira yachidule imene safuna kuphwanya kalikonse, ndi njira yozama imene amatsegula makoma ena. Pa njira yachidule, chimene katswiri sanachione amachiwerengera ngati chofooka, choncho zithunzi ndi manambala amene munasonkhanitsa pansi ndi kudenga zingasinthe zotsatira. Musalandire nambala yokha. Pemphani mapepala onse a kawerengedwe, muone mbali yofooka ndi chifukwa chake. M'nyumba zambiri zakale mupeza kuti ndi mbali ya kummwera ya nsanjika ya pansi, kumene kuli khonde la engawa ndi zitseko zagalasi zotsetsereka kuyambira ngodya mpaka ngodya, popanda khoma ndi limodzi lomwe. Nyumba yotere ikagwedezeka imapotokola, mbali yolimba itaima, yofooka ikuyenda. Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso angapemphe katswiri amene amagwiritsa ntchito wallstat, pulogalamu yaulere imene inapangidwa ndi wofufuza Takafumi Nakagawa, yomwe imagwedeza chithunzi cha nyumba yanu ndi mafunde a chivomezi chenicheni n'kuonetsa khoma limene liyambe kugonja. Koma pulogalamu imakhulupirira zimene mwaiuza: mukaiuza kuti mtanda woola uja ndi wabwino, idzakuonetsani nyumba ili chiimire.

Nyumba zakale kwambiri, monga machiya, nyumba za m'tauni za ku Kyoto, ndi nyumba za alimi zimene nsanamira zake zimangokhala pa miyala, makoma ake ali a dothi, zimalimbana ndi chivomezi mwa kupindika n'kubwerera, osati mwa kuuma. Njira yachidule ija imazipatsa nambala yotsika kuposa mmene ziliri, ndipo mmisiri wosazizolowera angaziwononge poziumitsa. Zimafuna kawerengedwe kena, genkai tairyoku keisan, ndi katswiri wodziwa mamangidwe achikale.

Musanasainirane ndi aliyense, bwererani ku khonsolo. Makhonsolo ambiri amalipira mbali ya ndalama, kapena ndalama zonse, za kuyeza nyumba za lamulo lakale, ndipo amathandizanso pa kulimbitsa, koma pafupifupi onse amafuna kuti mupemphe ndi kuvomerezedwa ntchito isanayambe. Wosainirana kaye n'kupempha pambuyo amataya thandizolo. Funsaninso za chilolezo: kuyambira mu April 2025, kukonza kwakukulu kokhudza zoposa theka la gawo lalikulu la nyumba ya matabwa ya nsanjika ziwiri, monga denga, makoma, nsanamira kapena masitepe, kumafuna kuvomerezedwa kwa mapulani, chinthu chimene kale sichinkafunika. Palinso asibesitosi, amene analetsedwa mu 2006 ndipo amapezeka m'zofolera ndi m'mabolodi a nyumba zambiri za kale. Lamulo limafuna kuti afufuzidwe ntchito isanayambe, ndipo kuyambira mu October 2023 wofufuzayo ayenera kukhala ndi chiphaso chake.

Pokonza pulani ya ntchito, ndalama zitsate ndondomeko iyi ngakhale maso akukokereni kwina. Tsekani kaye kumene madzi akulowera, thanani ndi chiswe, ndipo sinthani mitengo yoola, chifukwa chitsulo chomangidwa pa mtengo woola chimazuka ndi mtengo womwe. Kenako limbitsani maziko pamalo pamene paikidwe makoma atsopano, poti khoma lolimba likakankhidwa limanyamula nsanamira yake, ndipo maziko opanda zitsulo amasweka. Pambuyo pake ikani makoma a plywood yomangira kapena mitengo yopingasa, kuyambira mbali yofooka ija, pamodzi ndi zitsulo zogwira mitu ndi mapazi a nsanamira. Denga la matailosi ogonekedwa pa dothi ndi lolemera kwambiri, ndipo kulipepuza kumakweza nambala, ngakhale kuti nthawi zambiri kumadya ndalama zochuluka kuposa kuwonjezera makoma. Uzani katswiri awerengere njira ziwirizo padera kuti muyerekeze mtengo wa chilichonse ndi phindu lake. Mu 2005, pa malo oyesera a E-Defense ku Miki m'chigawo cha Hyogo, ofufuza anagwedeza limodzi nyumba ziwiri zakale zofanana, ina yolimbitsidwa, ina ayi, ndi mafunde a chivomezi cha ku Kobe. Yosalimbitsidwa inagwa, inzake inatsala itaima. Khitchini, bafa latsopano ndi zotchinga kuzizira zibwere pa nthawi imene makoma ali otsegula kale, kuti musaphwanye kawiri.

Pamene ntchito ili m'kati, jambulani khoma lililonse lisanatsekedwe: chithunzi chimodzi cha patali chosonyeza chipinda, china cha pafupi chosonyeza chitsulo ndi zomangira zake, ndi china tepi itagona pa plywood kuti mpata wa pakati pa misomali uoneke, chifukwa mphamvu imene pulogalamu inapatsa khomalo imadalira mpata umenewo. Lembani nambala ya khoma pa kabolodi n'kukaika m'chithunzimo, nambala yomweyo imene ili pa pulani ya katswiri. Ntchito ikatha pemphani kawerengedwe katsopano kosonyeza nambala ya nyumba italimbitsidwa, chikalata cha mankhwala a chiswe chokhala ndi tsiku lake, ndi zotsatira za kufufuza asibesitosi. Ku Japan kuli dongosolo losungira mbiri ya nyumba lotchedwa iekarute, kumene mabungwe olembetsedwa amasunga mapulani, zithunzi ndi malipoti kuti zitsate nyumbayo ikasintha mwini. Ikani zanu kumeneko, sungani zina pa kompyuta, ndipo zosindikiza muziike m'faelo imodzi pamodzi ndi pulani ija munalembapo manambala a chinyezi. Pakatha chaka, nyengo ya mvula ya tsuyu itangodutsa mu July, tulutsaninso kabokosi ka m'khitchini kaja, mukayeze malo omwewo n'kulemba manambala atsopano pambali pa akale.